A Mphuno a pa Doko la Bua

Sadaka ya a Sumaili Kombo inali Lachisanu lapitali. Ndinapitako. Ine si Msilamu, ndiye ndinakhala panja pamkeka ndi anzanga a kudoko, dua, pemphero lawo, ikumveka m'nyumba. Woimira banja anali mkulu wawo wa malemu, a Hamisi. Iwo anati mng'ono wawo anali munthu wofatsa, wosakangana ndi munthu. Ndinayang'ana mnzanga amene ndinakhala naye. Iye anayang'ana mpunga.

A Kombo sanali wofatsa. Onse amene anakangana nawo akanabwera, mpungawo sukanakwana. Ndipo palibe anatchula tsiku limene ambiri kuno timawakumbukira nalo, tsiku la maliro a mwana wawo, pamene munthu wina anatsala pang'ono kutenthedwa pamodzi ndi nyumba yake ndi boti lake. N'chifukwa chake ndati ndilembe. Ntchito yanga ndi yokhoma maboti pa doko la Bua, pamene mtsinje umathira m'nyanja. Ndinena zimene ndinaona ndi zimene anandiuza eni ake.

Kombo linali dzina la kuofesi. Kudoko tinkati a Mphuno. Dzinali linachokera pa moni wawo. Ankafika m'mamawa pa njinga yakuda, kofia yoyera kumutu, malaya a kaki omanga mabatani mpaka m'khosi, nthawi imene alovi, anyamata ogwira ntchito m'maboti a eni maukonde, akukankhira maboti m'madzi. Akakugwira dzanja sankalitaya. Ankafunsa za mkazi, za ana, za mpunga wa kudambo, za apongozi, ndipo pa funso lililonse nkhope yawo inkasendera pafupi. Iwe ukuyankha, iwo akununkhiza. Akapeza chimene ankafuna, ankasiya dzanja n'kunena mosakweza mawu: "Achimwene, lero tsalani. Musoke ukonde."

Alovi anayesa nzeru zonse. Masamba a mandimu, fodya wa chingambwe, ngakhale sopo. Wina anatafuna anyezi wamuwisi mpaka misozi kutsika. A Kombo anamugwira dzanja nthawi yaitali, n'kumuuza kuti anyezi amumva, ndi wabwino, koma zimene zili pansi pa anyeziyo azimvanso. Doko lonse linaseka. Mloviyo anatsala kumtunda.

Mphamvu yoletsa munthu kukwera boti analibe. Anali mlangizi wa zaumoyo, woyang'anira alangizi anzawo a m'mbali mwa nyanja. Ntchito imene anawalembera inali ya zimbudzi, zitsime, katemera ndi kolera. Kwawo kunali ku boma, m'banja lakale la amalonda, anthu a mzikiti, oti mowa sunapondepo pakhomo pawo. Za mowa anazilowa chifukwa cha mitembo. Munthu akamira, iwo ndi amene ankaitanidwa kudzaona asanakaikidwe, poti chipatala chinali kutali. Anaona mitembo yambiri. Kenako anayamba kufunsa.

Inali nthawi imene matipate angobwera kumene. Kale mowa unali ndi nthawi yake, ndipo achinyamata a chipani ankayenda ndi zibonga, kuswa miphika ya kachasu, kukwapula opezeka akumwa m'mawa. A Kombo ankadana nazo zimenezo. Ankati munthu wosiya mowa chifukwa cha chibonga sanasiye, wangobisa botolo. Zibonga zitachoka, mabotolo onse anatulukadi. Kachasu ankatchezedwa pabwalo masanasana. Chamba cha kumapiri chinkatsika m'madengu, pamwamba ataikapo nthochi. Ukamufunsa mnyamata, ankakuyankha kuti ndi ufulu, anauvotera. A Kombo nawonso anavota, ndipo zakale sankafuna kuti zibwerere. Ankangoti sanamvepo kuti nyanja inavota nawo.

Kafukufuku wawo anali wa miyendo. Iwo ndi alangizi awo anayenda madoko kuchokera ku Benga mpaka ku Ngala, kufunafuna mabanja a anthu omira. Malamulo awo anali okhwima, ndipo mlangizi wowaphwanya ankabwezedwa kukayang'ana zimbudzi. Kwa namfedwa usapite misozi isanaume. Usapite chimanjamanja. Usafunse kuti kodi amuna anu ankamwa, chifukwa palibe mkazi wamasiye anganeneze mwamuna wake ali m'manda. Funsa kuti nyanja inali bwanji tsikulo. Funsa ngati anadya asananyamuke. Amene anabwerako amoyo ukawapeze mmodzimmodzi, osati pagulu. Pomaliza ukakhale kwa mayi wotcheza kachasu wa pafupi ndi dokolo, umufunse amene anagula m'mawa umenewo. Ndipo lamulo lalikulu pa onse: zimene munthu wakuuza uzinena, koma dzina lake limatsala ndi iwe.

Analinso ndi khalidwe limene linkakwiyitsa akuluakulu awo a ku boma. Zimene apeza sankayamba kupita nazo kuofesi. Ankabwerera kaye pa doko limene azitenga, n'kuitana amayi amasiye omwe aja pansi pa mtengo, n'kuwauza. Ankati nsomba ukaitenga m'nyanja ya eni, ndiwo yoyamba ndi yawo.

Zimene anapeza ndi izi. Ife tinkadziwa kuti wopha asodzi ndi mwera, mphepo ija ya miyezi yozizira. A Kombo anati ayi. Mwera ukawomba anthu amaopa. Ena sapita, opitawo amapita ali tcheru. Ambiri amene iwo anawafufuza anamira tsiku la bata, nyanja ili ngati mafuta m'mbale. Ndipo botolo silinkagulidwa ndi mlovi. Linkaperekedwa ndi mwini ukonde. Unali mwambo wathu. M'mawa wozizira, boti lisananyamuke, mwini ukonde ankapereka velemoti ya kachasu, chochotsa kuzizira, ndi ina ya paulendo. Wosapereka ankatchedwa woumira, ndipo alovi ankamuthawa. Tsono munthu amakoka chilimira, ukonde waukulu wa utaka, ataimirira m'mphepete mwa boti. Miyendo ikalefuka amagwa, ndipo akagwera mu ukonde kusambira kwake sikuthandiza.

Koma ife munthu akamira pa bata tinali ndi yankho lathu. Tinkati mwini ukonde wakhwima, wapereka mlovi ku nyanja kuti utaka uzidzaza boti lake. Nyanja yopanda funde singameze munthu wodziwa kusambira pokhapokha pali dzanja la munthu. A Kombo ankati dzanja lilipodi, ndi limene lapereka botolo. Palibe ankafuna kumva.

Anakangana ndi a Nabanda, mayi wamasiye amene ankatcheza kachasu kuseri kwa doko. Mphika wawo sanauswe. Ankakhala pachitsa pafupi ndi moto, utsi ukuwalowa m'maso, n'kumapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asamagulitse maboti asanachoke. A Nabanda ankawatcha alamu. Ankati, "Alamu, ana angawa muwaphunzitsa ndinu? Kapena mungondikwatira, kumzikiti kwanu amalola anayi." A Kombo ankayankha kuti mkazi wonunkha utsi wa kachasu angawaonongere chida chawo cha ntchito. Ankasiyana akunyogodolana, mawa lake n'kubweranso pachitsa pomwepo.

Anakangana ndi bwana wina wofuna mpando, amene anabwera ndi migolo ya mowa pa lole kudzachititsa msonkhano kudoko. A Kombo anaimirira pakati pa anthu n'kufunsa ngati bwanayo wabweretsanso nsalu za maliro, kuti katundu akhale wokwanira. Anawakoka kuwachotsa. Mwezi womwewo anaitanidwa ku boma kukauzidwa kuti wa m'boma salowerera ndale. Anabwerako, anapitiriza.

Anakangana ndi banja lina la kumtunda kwa mtsinje limene linamangirira mwana wawo pa mtengo ndi chingwe cha ukonde. Mnyamatayo anali atazungulira mutu, akulankhula yekha, akuthamangitsa anthu ndi khasu. Abale anati ndi mizimu, ndipo anali ataitana kale wa ng'oma. A Kombo anakhala pansi pafupi ndi mnyamatayo theka la tsiku, anamununkhiza zala, anamumasula, n'kupita naye kuchipatala pa lole ya mpunga. Sananene kuti mizimu kulibe. Anangoti mizimu imene iwo akuidziwa siisiya zala zachikasu ngati chamba.

Ndi ine anakangana za kabokosi. Eni maukonde ankandiuza kuti ndizikhoma kabokosi pansi pa thabwa la kumbuyo kwa boti. Aliyense ankadziwa chimene chimakhalamo. A Kombo anandipeza ndikupala thabwa n'kundiuza kuti mmisiri wokhoma kabokosi aka ndi wokhoma bokosi lalikulu lija ndi munthu mmodzi. Ndinawayankha kuti ine ndimakhoma zimene ndauzidwa, ndipo mpeni sufunsa chimene ukadule. Tinakhala osacheza mpaka mvula itagwa. Moni wokha sanasiye kundipatsa, ndi mphuno yomwe.

Mkangano umene unkawapweteka unali wa kumzikiti. Anapempha a shehe kuti nkhaniyi inenedwe pa swala, mapemphero a Lachisanu. A shehe ndi a Hamisi, amene anali mkulu wa komiti ya mzikiti, anakana. Anati mowa ndi matenda a anthu a tchalitchi ndi a gule. Mwana wa Chisilamu samwa, ndipo kulalikira zimenezo n'kudzitukwana pamaso pa akunja. A Kombo anafunsa kuti ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani mwezi wa Ramadhani a Nabanda amadandaula kuti malonda atsika. A Hamisi anati atchule maina. Iwo anakana. Mkulu wawo anati popanda dzina palibe nkhani.

Mdani weniweni wa a Kombo anali a Mhone, Mtonga wa cha ku Ngala. Anabwera ku Bua ndi bwato limodzi lokumba, ndipo m'zaka zochepa anali ndi chilimira, injini ndi nyumba ya malata. Boti lawo lalikulu ndinakhoma ndine, la mlombwa, lopaka buluu. Anali munthu wolimbikira ndi wapakamwa, ndipo velemoti yawo sinkaperewera. Alovi awo anawaletsa kuima kuti agwiridwe dzanja. A Kombo akayandikira, a Mhone ankati, "Ada Kombo, mwabwera kudzanunkhiza anthu anga ngati galu? Kanunkhizeni zimbudzi, ndiyo ntchito yanu." Alovi awo awiri anali atamira kale, nthawi zosiyana, onse pa bata. Anthu ankanong'ona. Mlendo wolemera msanga, mitembo iwiri, nyanja yopanda mphepo. Ana ankaletsedwa kudya kwa a Mhone.

Wachitatu anali Yusufu, mwana wamwamuna mmodzi yekha wa a Kombo. Anaphunzira mpaka kusekondale, ntchito sinapezeke, ndipo anali atakwatira. Analowa m'boti la a Mhone chifukwa ndi limene linkagwira nsomba. Atate ake anakwiya koma sanamuletse. Ankati mwana wawo angakwere boti lililonse, botolo limupitirira. Ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Yusufu anali waulemu, wosaphonya swala.

Linali tsiku la miyezi yozizira, mwera utaleka. M'mawa umenewo a Kombo anali pa doko. Yusufu anapatuka, analonjera atate ake monga mwa masiku onse, n'kukakwera. Boti linabwera dzuwa lisanafike pamutu, lopanda nsomba, injini ikulira pang'onopang'ono. Yusufu anali atagonekedwa pa ukonde. Alovi anati anagwa pokoka, anakodwa, pomuvuula anali atatha. Sanayang'ane munthu m'maso.

Asilamu sagoneka maliro, ndiye kuika kunali kwa tsiku lomwelo. Pamene amayi ankalira kunyumba kwa a Kombo, kudoko anyamata anayamba kusonkhana. Ndinaona zigubu za petulo, zikwanje, nkhafi. Sanali Asilamu okha. Abale a alovi awiri oyamba aja anabweranso, ndipo mkulu wa mmodzi wa iwo ndi amene ankatsogolera. Anagwirizana kuti akangoika maliro apite kwa Mtonga. Wina anandiuza kuti ndichotse zida zanga pafupi ndi boti la buluu. Uthenga wopita kupolisi unatumizidwa pa njinga, ndipo aliyense ankadziwa kuti moto ufika msanga kuposa njinga.

A Mhone akanatha kuthawa pa nyanja. Sanathawe. Ana anawatumiza kwa achibale, ndipo iwo ndi akazi awo anabwera pamaliro n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, paokha. Palibe anawapatsa moni. Pakamwa paja panali patauma.

Za m'chipinda chosambitsira sindinazione. Anandiuza a Kombo pambuyo pake. Mtembo anasambitsa iwo ndi a Hamisi. Posambitsa amafinya mimba pang'ono kuti zotsala zituluke. Anatuluka madzi a m'nyanja, ndi fungo limene a Kombo ankalidziwa kuposa munthu wina aliyense m'boma lino. A Hamisi nawonso analimva. Anatseka chitseko n'kuwakumbutsa lamulo: wosambitsa maliro zimene waona sanena, amabisa, ndipo Mulungu adzamubisira zake. Mwanayo wafera m'madzi, imfa imene chipembedzo chawo chimailemekeza. Asiyidwe apite ndi ulemu wake, ndi mayi ake atsale ndi mwana woyera mumtima mwawo. A Kombo anafunsa za munthu amene wakhala pansi pa mango. A Hamisi anati ameneyo Mulungu ndiye amudziwa, si m'bale wathu.

Jeneza, chonyamulira maliro, litatulutsidwa pabwalo, a Hamisi analankhula m'malo mwa banja. Anati Mulungu anapereka, Mulungu watenga. Koma nyanja inali bata, ndipo mwanayu ankasambira ngati mcheni. Amene ali ndi maso aone. Anthu anang'ung'udza. Mitu inatembenukira ku mango. Anyamata a kumbuyo anayamba kuimirira.

Kuno bambo salankhula pa maliro a mwana wake. A Kombo anaimirira. A shehe anawakodola kuti akhale pansi. Sanakhale. Mawu awo anali omwe aja a kudoko, osakweza.

"Yusufu sanalodzedwe. Anali ataledzera. Ndamusambitsa ndine, ndamva ndine. Nonse mukudziwa kuti mphuno iyi sinama."

A Hamisi anati, "Sumaili, khala pansi. Ukumuvula mwana wako sanda pamaso pa anthu."

"Ndikumuvuladi, achimwene, ndipo ndikayankha ndine. Koma munthu sapsa lero chifukwa cha manyazi anga."

Kumbali ya amayi kunamveka kulira kwina, kosiyana ndi kwa m'mawa. Anali a Asiyatu, mayi ake a Yusufu. A Kombo sanatembenuke. Analoza ku mango n'kunena kuti a Mhone si mfiti, mankhwala alibe, chimene ali nacho ndi velemoti, ndipo velemotiyo iwo akhala akuinena mpaka anthu kutopa nawo. Anati amene akufuna kutentha boti chifukwa cha botolo ayambe ndi la atate ake, poti pa doko lino palibe mwini ukonde amene sapereka. Kenako anaitana alovi a m'boti lija, amene anali atadzibisa pakati pa anthu. Anafunsa wamkulu wawo ngati pa nyanja anaona chinthu chachilendo. Iye anati ayi. Anamufunsa ngati botolo labwerako lodzaza. Mloviyo anayang'ana pansi n'kunena kuti ndi lopanda kanthu, ndi linzake lomwe.

Sindinganene kuti onse anakhulupirira. Koma n'kovuta kukawotcha munthu chifukwa cha mwana amene atate ake omubala akuti wamira ndi mowa. Mkwiyo unasowa pogwira. Wotsogolera uja anaponya chikwanje pansi, n'kupita kukagwira jeneza. Ena anatsatira. Maliro anapita kumanda, a Mhone akuyenda pambuyo penipeni. Petulo uja anabwerera m'mainjini.

Zowawa zake a Kombo anazimvera kunyumba. A Asiyatu anapita kwawo ku boma ndipo anakhalako mpaka mpunga wina utakololedwa. Atabwerera ankawaphikira, koma dzina la Yusufu silinatchulidwenso pakati pawo. A Hamisi anasiya kuwayankha salamu. Kumzikiti anachoka pa mzere wakutsogolo, pamene banja lawo linkaima kuyambira nthawi ya agogo awo, n'kumaswali pafupi ndi khomo. Palibe anawathamangitsa. Anthu ankangosendera.

Ine ndimaona kuti kwa akazi awo analakwa. Akanalowa kaye m'nyumba n'kuwauza paokha, asanamve pamodzi ndi mudzi wonse. Ndinawauza zimenezo tsiku lina atakhala pafupi ndi boti limene ndinkamata phula. Anati nthawi panalibe. Kenako anati ayi, nthawi inalipo, koma kulankhula kwa khamu kunali kopepuka kuposa kuyang'ana nkhope ya mkaziyo.

Tsiku lomwelo ndinawafunsa chimene doko lonse linkadzifunsa: zinatheka bwanji kuti munthu wonunkhiza dziko lonse asamve mwana wa m'nyumba mwake. Anati mwana woleredwa bwino sagwira atate ake dzanja. Amanyonyomala chapatali, nkhope pansi, manja pamodzi. Yusufu ankatero m'mawa uliwonse, ndi m'mawa womaliza womwe, ndipo iwo ankanyadira pamaso pa alovi. "Ndinamuphunzitsa ndekha kukhala patali," anatero. Ndinapitiriza kumata.

Maliro aja atatha, eni maukonde anakumana, a Kombo ali wapampando, ndipo anagwirizana kuti botolo liziperekedwa pobwera, osati popita. Woyamba kuvomera anali a Mhone, uku akudandaula kuti alovi awathawa. Ena anathawadi. A Nabanda anayamba kugulitsa masana. Ankati si chifukwa cha alamu, koma nkhuni za m'mawa zimakhala zonyowa. A shehe analalikira za mowa Lachisanu lina, osatchula dzina la munthu. Lamuloli linafika madoko ena, kwina linakanika. Pa chamba a Kombo anavomera okha kuti sanaphule kanthu. Anthu sanasiye kumira. Koma maliro a pa bata anachepa pa doko lathu, ndipo eni maukonde ena analeka kundiuza za kabokosi.

A Kombo ndi a Mhone sanakhale mabwenzi. Ankakanganabe za ndale, za utsi wa injini, za chimbudzi cha kudoko chimene a Mhone ankakana kukumbitsa. Zikomo ine sindinamumvepo pakamwa pa a Mhone. Chimene anachita ndi ichi. Boti la buluu sanalibwezerenso m'madzi. Linali lolimba, likanagwira ntchito zaka zambiri. Anaitana anthu, analikokera kumtunda, n'kulivundikira pansi pa mkuyu, pamene njira yochokera kumudzi imatsikira kudoko. Anati lang'aluka. Ndinalikhoma ndine. Silinang'aluke.

A Kombo atapuma pa ntchito, miyendo itayamba kukana njinga, pamsana pa boti limenelo ndi pamene ankakhala. Aliyense wotsikira kunyanja ankadutsa pamenepo, n'kupeza dzanja litatambasulidwa kale. Anadwala chifuwa miyezi yochepa. Anamwalira mpunga ukucha, anthu akukonzekera chisankho chachiwiri. Anawasambitsa ndi a Hamisi. Zimene anaona sananene.

Botilo likadali pomwepo. Utoto unasuluka, ndipo chiswe chayamba mbali ya kumunsi. Koma pamsana pake, chakumbuyo, pali malo osalala, akuda, kukula ngati lichero, pamene thabwa linapukutika ndi kukhalapo. Mbuzi zimakwera chakutsogolo. Pamalo osalalapo sindinaone munthu atakhalapo. Mphunzitsi wina anafuna kugula matabwawo kuti akhomere mabenchi, ndipo a Mhone anamuyankha mawu oti sindingalembe.

Kuseri kwa mkuyuwo kuli kanjira kena, kolowa m'bango, kokatulukira kudoko chakumunsi. Kanapangidwa ndi mapazi a alovi amene sankafuna kugwiridwa dzanja. Kanali koyera, kopondeka bwino, ndipo a Kombo ankakadziwa. Nthawi zina bango likagwedezeka ankaliponyera moni. Dzulo m'mawa ndinafuna kudutsako. Kuzizira kwayamba, ndipo nyanja inali bata. Kanjirako katsekeka. Bango lakumana pamwamba, chitedze chayamba kuyanga. Alovi onse tsopano akutsika njira yaikulu, kudutsa pa boti, manja ali m'matumba a majekete. Jekete lina ndinaliona likulemera mbali imodzi.